Liwu Lalitali Lija

Ndimatayipa makalata a anthu
m'kontena ya buluu kuseri kwa Bwalo la Njobvu,
tsamba limodzi faifi handiredi,
magetsi akathima mubwere mawa.

Pali liwu lina la Chingerezi,
lalitali ngati mzere wa kubanki kumapeto kwa mwezi,
zala zanga zimalipeza ndisanayang'ane:
konsidareshoni.

Feston wa ku Mgona anabwera nalo mu Febuluwale,
dipuloma ili mu jumbo,
nsapato zopukutidwa ndi malovu pakhomo panga.
"Mutsirize nalo, anti, ku Kapitolo Hilu amalikonda."
Ndinalikhazika kumapeto kwa kalata
ngati munthu wonjuta pakhomo, chipewa chili m'manja.
Pamenepo linkati: bwana, mundiyang'aneko.
Itatha miyezi inayi yankho linafika, mizere iwiri,
pempho lanu lili pansi pa liwu lomwelo.
Pansi pake!
Feston anaseka mpaka kutsokomola.
"Ndiye kuti alikhalira, anti."
Pano amagulitsa machaja pa mlatho.

Mayi Zelesi anabwera ndi kalaliki wa loya
kudzagulitsa puloti yawo ya ku Chinsapo,
bambo ali gone ku Sentolo, impso zakana.
Ndinatayipa: pa konsidareshoni ya mamiliyoni awiri ndi theka.
"Mwalemba chiyani apa, mwanangu?"
Ndinati ndalama, mayi.
"Nanga osangolemba kuti ndalama bwanji?"
Kalaliki anayang'ana wotchi.
Iwo anadinda chala, inki n'kuipukutira kuchitenje.
Mtengo wa mapeyala umene anadzala chaka cha njala
sunalowe m'liwulo,
ngakhale ndi lalitali chotero.

Ndalimvanso litavala ka- wathu.
Pa windo lina la ofesi, sinditchula,
mkulu wa tayi yofiira anatsitsa mawu:
"Kakonsidareshoni pang'ono, faelo iyenda lero."
Ya fanta yomweyo, yangopita kusukulu.
Ndinapereka. Ndisaname.

Aphunzitsi opuma, a Chikaoneka,
amene amadzatayipitsa madandaulo a penshoni chaka chachitatu tsopano,
anandiuza tsiku lina tikudikira magetsi
kuti akuti kalekale, kwa eni ake,
liwuli linkanena za kuyang'ana nyenyezi,
kuima, kukweza mutu, osafulumira kuyankha.
"Kaya n'zoona," anatero, "koma ndimakonda kuti zikhale zoona."

Lachinayi lapitali mvula inatipeza mu depoti.
Mwana wanga kumsana thupi lili moto,
minibasi ya ku 25 yodzaza anayianayi,
windo la mbali yanga losweka, madzi akulowa.
Kondakitala, kamnyamata ka mano othyoka,
amene m'mawa amatitukwana chifukwa cha chenje,
anayang'ana mwanayo kamodzi,
anavula jekete n'kutseka nalo bowolo,
naligwira ndi dzanja kuchokera pa Sentolo mpaka pa Nsungwi,
mkono wonse ukuchucha.
"Adiraiva, tsitsani wailesi, muli wodwala muno."
Basi.
Sanapemphe kanthu, sanalembe kalata,
sindikudziwa ngati anafika Sitandade faifi.
Nditati zikomo anangoti, "Tsikani bwino, pali matope."

Usiku umenewo magetsi anathima dera lonse.
Mwana atagona, thukuta litayamba kutuluka,
ndinatuluka kukataya madzi a m'beseni.
Mitambo inali itang'ambika cha ku Kanengo,
nyenyezi zili mbuu pamwamba pa malata onyowa.
Ndinaima, beseni m'manja.
Ndinaganiza za Feston pa mlatho,
za mapeyala amene akudya ena,
za jekete lija, kuti kaya lauma.

M'mawa kasitomala woyamba anali mtsikana wofuna ntchito ya unesi.
"Mutsirize ndi liwu lalitali lija, anti."
Ndinalitayipa pang'onopang'ono,
chilembo chimodzichimodzi,
ndipo ndisanasindikize ndinamufunsa ngati wadya.