Munthu wa Chitseko

Lachinayi lililonse, nkhani za usiku zikatha,
kanema wa boma amaonetsa filimu yopangidwa konkuno.
Ife a ku Mbayani timakaonera kwa mai Nankhoma;
wanga ndinagulitsa mwezi wa maliro.
Aliyense amanyamula chokhalira,
wina chigubu, wina njerwa.
Ine ndimayala chitenje pafupi ndi khomo.

Zaka zinayi zapitazo Fakisoni anafika kutada,
utuchi uli m'tsitsi, wani sauzande ili m'manja,
nati, "Mayi a Yankho, ndalowa mu filimu."
Ndinaseka mpaka kukhosomola.
Kalipentala wa pa Chemusa, mu filimu!
Akuti anyamata a makamera anamuimitsa pamsewu
akukapereka chitseko kwa kasitomala.
"Bambo, tabwererani, mudutsenso."
Anadutsa kasanu, khosi lili gwa.
Kasitomala anadikira mpaka kukwiya.

Filimuyo sitinaione. Fakisoni ankafunsa
m'mavidiyo sho onse, mpaka ku Ndirande,
ankangomupatsa za achina zomenyana.
Kenako chifuwa, kenako Gulupu,
kenako bokosi lokhomedwa ndi anzake
ndi matabwa amene iye anasungira kabati.

Sabata yatha mai Nankhoma anati mayunitsi atsala awiri,
ana azimitse babu.
Tinakhala mumdima, nkhope zili mbuu ndi kuwala kwa galasi.
Filimu inali ya mtsikana wobedwa ndalama za fizi.
Ankalira pasiteji ya minibasi,
ndipo kumbuyo kwake, pakati pa ogulitsa nthochi ndi mpanda wa malata,
kunadutsa chitseko.

Chitseko chokha, chosapenta, chili pamutu,
nkhope yabisika mumthunzi wake.
Koma mwendo wamanzere uja wokoka pang'ono,
ngati ukukumbukira msomali wa kalekale.
Koma malaya abuluu aja,
chigamba chapaphewa ndinasoka ndine
ndi ulusi wofiira, wabuluu utatha.

Mpweya sindinaukoke kawiri, iye n'kuti watuluka.
Kamera inatsala ndi mtsikana ndi misozi yake.

"Ndi bambo a Yankho!"
Wina anati shii, tikumva nawo.
Mnyamata wa kabaza anati onyamula zitseko ndi ambiri mu Blantyre muno.
Yankho, amene anali kumsana nthawi imeneyo,
anafunsa, "Ali kuti?" akuyang'ana pakhomo.

Sindikudziwa ngati mtsikanayo anapeza ndalama zake.
Maina atayamba kukwera pamapeto
ndinasendera mpaka mphuno kugunda galasi:
wojambula, wophika tiyi, woyendetsa galimoto.
Wa chitseko panalibe.

Lolemba ndinakwera minibasi mpaka kunyumba ya mawailesi
kukafunsa tsiku lomwe adzaibwereze.
Mlonda wapageti, munthu waulemu,
anati ndilembe kalata.
Ndalemba. Sindikudziwa dzina la filimu,
ndangoti, ija ya fizi, mudutsa munthu wa chitseko.

Pobwerera ndinatsikira pa Chemusa.
Nyumbayo ndimaidziwa, yachitatu kuchokera pampopi.
Chitseko chidakalipo, anachipaka chobiriwira,
pansi pake padyedwa ndi mvula.
Mwini wake sanamalize kulipira, inatsala thu sauzande.
Sindinagogode.
Ndinaima tsidya lina la ngalande
mpaka mwana wina anatuluka ndi ndowa,
ndipo chinatseguka, n'kudzitsekera chokha,
osalira mahinjesi.