Mfuti ya M'madzi

Usiku woyamba ndinagwira chibonga,
ndinazungulira sitolo yonse ya a Yusufu
kuyambira kugeti mpaka kuseri kwa jenereta.
Panalibe munthu. Agalu a mu Limbe anali duu.
Kenaka chinaliranso: thwa!
m'kati mwenimweni, cha ku thanki yagalasi
momwe bwana amasungamo nyanja yawo,
mchere wake wogula m'mapaketi.

Lonjezo, wa kukoleji amene amatsuka thankiyo Loweruka,
anandiseka mpaka kukhalira ndowa.
Akuti, bambo Chimbalanga, wakuba wanu ndi uyu:
kankhanu kosakwana chala chaching'ono,
kwawo ndi kutali, kupitirira Nacala,
dzanja lina ngati la khanda, lina ngati nyundo.

Akuti sikamenya ndi dzanjalo ayi.
Kamalitchera ngati msampha,
n'kulifwamphula mwaliwiro loti madzi amang'ambika,
pong'ambikapo pamabadwa kathovu,
ndipo kathovuko pophwa ndiko kamalira,
kamang'anima moto woti diso silingaugwire,
kansomba kodutsa n'kukomoka.
Ndinati, ndiye kamapha ndi malo opanda kanthu?
Anati eya, n'kupitiriza kupukuta galasi.

Masiku ano magetsi akazima ndimaunika ndi tochi.
Ndaona kuti sikakhala kokha.
Pakhomo pa una pamakhala kansomba kotuzula maso,
sikakumba, sikasenza mchenga,
kamangoyang'ana basi.
Mwini una maso ake ndi ofooka,
amatuluka akukankha mchenga ngati wawilibala,
ndevu imodzi itakhudza mchira wa mnzakeyo.
Mchira ukangonjenjemera, onse awiri lowu!

Ndinaseka ndekha mumdima.
Mlonda mnzanga,
nawenso amakunena kuti umangokhala?
Iwe bola, malipiro ako ndi pogona.
Ine kukacha ndikwera minibasi ya ku Bangwe,
alandilodi akundidikira pakhonde.

Pali chimodzi chimene Lonjezo sindinamuuze.
Tsiku lija ananena kuti dzanja lalikulu likathothoka
laling'ono lija limayamba kukula,
kufundula kulikonse likunenepa,
mpaka kusanduka mfuti yatsopano,
pachitsa paja n'kuphuka kadzanja kena,
ine ndinalowetsa mkono m'thumba la jekete.

Makina ochekera matabwa ku Chirimba
anandidyera zala zinayi, Lachiwiri, tisanamwe tiyi.
Lamanzere linaphunzira kusaina,
kumanga zingwe za nsapato,
kupeza bowo la loko popanda nyali,
kusenda mbatata mai a kunyumba akadwala.
Linakula ndithu, funsani chibongachi.
Koma pachitsa sipanaphuke kanthu.
Ndafundula mayunifolomu a makampani atatu,
yabuluu, yakhaki, ino yakuda yothina m'khwapa,
ndipo nthawi zina posamba
ndimayang'anapobe.

Akuti kwawoko zikachuluka, zikwi ndi zikwi,
pansi pa nyanja pamamveka ngati mafuta
achipisi akalandira mbatata zonyowa.
Kuno kali kokha, kamaombera galasi,
kutali ndi mafunde amene ine sindinawaonepo
ndipo ikonso mwina kanaiwala.

Folo koloko. Chiperoni chatsika,
chameza njanji, chameza nyali za pamsika,
mwazini sanayambe kuitana.
Ndapinda mawondo pa katoni,
chitsa chikuwawa monga chimachitira kukazizira.
Thwa!
Sindidzidzimukanso.
Ndimagogoda chitseko kamodzi ndi lamanzere
kuti kadziwe kuti kunja kuno
wina ali maso.