Chivindikiro Chowerenga

Lachinayi loyamba la mwezi uliwonse
ndimatsika phiri la Barón pa chikepe chakale chija,
Valparaíso yense ali pansi panga ndi sitima zake,
botolo m'thumba la jekete likugwedera
ngati mano a munthu wozizidwa.

Namwino Ximena amakhuthulira mapiritsi m'mbale yachitsulo
n'kuwakankha awiriawiri ndi kampeni kobuntha.
Anandipatsa makumi atatu. Atsala awiri.
Akulemba, sakweza maso.

Zaka khumi akhala akundiuza kuti palibe akundizonda,
kuti wailesi ya kudoko sitchula dzina langa,
kuti mawu a m'khoma ndi matenda chabe,
a dzina lalitali, sikizofureniya.
Zinandivuta, koma ndinavomera.
Ndiye chaka chino andipatsa botolo la chivindikiro chanzeru,
chosunga ola ndi mphindi ndikangotsegula
n'kukandinenera ku kompyuta yawo.
Tsiku limenelo ndinaseka mpaka Ximena anaseka nawo.

"A Eleuterio, kodi nthawi zina mumaiwala kumwa?"
Pepalalo lili ndi timabokosi tiwiri basi, inde ndi ayi.
Palibe poti n'kulembapo dovu lonyowetsa pilo m'mawa
kapena lamba amene ndamuboola katatu.
Nanga manja awa, onjenjemera posoka ukonde
mpaka Baldomero kundilanda singano mwakachetechete
maso ali kunyanja, ngati sanaone?

Chivindikiro chimadziwa kutseguka.
Za kumeza sichidziwa.
Sabata ya ukwati wa mwana wa mlongo wanga
ndinkatsegula pa nthawi yake, eyiti koloko usiku,
piritsi n'kuligoneka m'kabokosi ka machesi.
Ndinkafuna kuvina ndili maso,
miyendo ili yanga, osati yobwereka.
Ndipo ndinavinadi, mpaka malaya kumata kumsana.
Usiku wachisanu khoma linatsokomola,
kenako linanditchula dzina.

"Maperesenti 93," akutero Ximena. "Mwayesetsa."
Kunja galu akuuwa galimoto ya gasi.
Ndikhoza kunyamuka, chitseko si ichi?
Koma dzanja lapita lokha m'thumba lina lija
ndipo kabokosi ka machesi kali patebulo.

Watsegula. Asanu ndi limodzi.
Sanatenge kampeni.
Watembenuza pepala lija kumbuyo kopanda mizere,
wakoka mpando kufupi, cholembera chili m'manja:
"Yambani ndi ukwatiwo. Munavina ndi ndani?"