M'chigafa cha kwa Chamama

Chaka chomwe ndinabatizidwa mu Dwangwa
ndinabwerera kuchigafa tsitsi lisanaume,
m'thumba la jekete muli timapepala makumi awiri
tomwe abusa anati ndi mbewu.

Tinali atatu posankha fodya:
ine,
Twaibu wa ku Namwera, wobwera pa lole ya matenanti,
ndi Chidzanja, mwana wa konkuno,
yemwe Loweruka lina ankangosowa
nabwerako Lolemba mawu atasasa,
kuseri kwa khutu kuli dothi lofiira losasambika bwino.
Za kudambwe sitinkamufunsa.

Ndinayamba ndi Twaibu, poti ngofatsa.
Ndinamulalikira mzere wonse wa mapindi,
iye akungotambasula tsamba pa bondo,
lofiirira uku, lamawanga uko,
milomo itauma gwaa, unali mwezi wosala.
Nditatopa anati:
Yesuyo ndimamudziwa, Isa mwana wa Mariyamu,
kwathu sititchula dzina lake osamufunira mtendere.
Koma sendera, wakhalira mkeka wanga,
dzuwa lapendeka.

Chidzanja analandira kapepala ndi manja awiri.
M'mawa mwake ndinapeza akukapichirira chingambwe.
Usakwiye, ndayamba ndawerenga,
mwana wolowerera uja ndi mlamu wanga weniweni,
nayenso anagulitsa mabelo ku Chinkhoma
ndalama zonse n'kuthera pa Kasungu.
Kungoti kwathu sitinamuphere ng'ombe.
Utsi wa Luka unakwera m'mikangala
ine ndili kukamwa yasa.

Usiku ndinkawatchula mayina pogwada,
ngati munthu wowerenga mbuzi zomwe sizinalowe m'khola.

Kenaka mu Epulo Esinta wanga anatentha thupi.
Njinga yanga inalibe tcheni.
Twaibu anasiya daku wake pa mbale,
namanga mwana kumsana kwa amake,
napalasa mumdima, ine ndikuthamanga pambuyo
nsapato zili m'manja.
Pakhonde la chipatala ndinkati Ambuye, Ambuye,
mawu ena onse atandithawa.
Iye chapatali, zikhato zili m'mwamba,
ankanong'ona m'chilankhulo chomwe sindichimva.
Dzina la mwana wanga lokha ndinalimva,
kawiri.

Esinta sanabwerere nafe wamoyo.

Manda anakumba ndi Chidzanja ndi anzake,
adzukulu omwe ndinawatcha a mdima pa ulaliki wa pamsika.
Nthaka ya kumeneko ndi ya nsangalabwi,
khasu linkalira ngati belu.
Kwaya yathu itayamba nyimbo
anavula chipewa, naimirira m'dothi lofika m'mawondo,
ndipo ndinaona milomo yake ikutsatira kolasi.
Anaiphunzira kuti, sindidziwa.
Kapena kwa ine, m'chigafa muja,
pomwe ndinkayesa kuti sakumva.

Sindinasiye kukhulupirira, musandimve molakwa.
Ndikadali kufuna atakhala nane pa benchi limodzi Lamulungu,
ndipo ndimawauza.
Twaibu amaseka, amati nayenso amandisungira malo Lachisanu.
Chidzanja amati mizimu ya kwawo siikana mlendo,
koma njira yake njogula, nkhuku ndi yanga.

Tsopano ndikatsegula buku pa nthawi yopuma
ndimawerenga mokweza ndime imodzi yokha
kenaka ndimatseka pakamwa.
Twaibu amayalapo yake, ya Yusufu m'chitsime,
timakangana kuti malaya anang'ambika potani.
Chidzanja amatiweruza ndi mwambi
womwe sugwirizana ndi aliyense wa ife.

Timapepala tatsala tinayi.
Kamodzi ndinalembapo manambala a mabelo,
kena kali m'Baibulo, pomwe pali kadi ya sikelo ya Esinta.
Mbewu ija kaya inagwera pa nthaka yotani,
mwini munda ndiye adziwa.
Ine ndimangoona kuti dzuwa likapendeka
ndimasendera ndekha pa mkeka
asanandiuze.