Atambala Awiri m'Kompyuta ya Triinu

Ku Tartu dzuwa lalowa mbale za nkhomaliro zisanaume.
Triinu wavula nsapato zonyowa ndi chipale chofewa,
wakhalira mafayilo makumi anayi:
chibadwa cha tizilombo tofumbwitsa paini,
chonsecho chosawerengedwa.

Pulogalamu yoti iwerenge yakana kumangika.
Ikufuna laibulale ya 1.9,
iye ali ndi 1.17.
Watsitsa yakaleyo, pomwepo inzake ija,
yomwe dzulo inkagwira bwinobwino,
yanyanyala.

Walira mvula, walira matope.

Mzere wofiira womwewo, kachisanu ndi chiwiri:
chakutichakuti sichikupezeka.
Khofi wazizira. Mwini pulogalamuyi
anasiya ntchito kalekale,
akuti akuweta njuchi kuchilumba.

Madis wosamala seva ali pakhomo, chipewa kumutu.
"Usavutike n'kuwayanjanitsa," akutero.
"Atambala awiri salira m'khola limodzi.
Aliyense um'mangire lake."

Wamanga. Malemba akutsika, akutsika,
machenjezo achikasu akudutsa osapereka moni,
kenaka zii.
Chofiira palibe.

Triinu sakusekerera.
Watola pensulo, akukopera manambala onse
mkati mwa chikuto cha kope lake,
poti Lolemba Madis adzakonzanso seva.