Malaya a Konstabo Zelesi

Makina anga ali pakhonde la sitolo ya mbewu pa Kamwendo.
Ndikaweramuka ndimaona msewu wa ku Mwami
ukunyezimira ngati chiwaya cha tchipisi.
Okutobala sacheza kuno.
Phula limafewa n'kugwira jombo,
nyenje zimalira mpaka kuzimva m'mano.

Apo pa migolo iwiri ndi chitsulo chopingasa
pamaima Konstabo Zelesi Kamtedza,
dzanja m'mwamba kuyambira sikisi,
kuimitsa mathiraki a ku Chipata, akabaza, malole a soya.
Ikamakwana thwelofu
mthunzi wake womwe umathawira kunsi kwa jombo.
Chaka chatha mnzake anagwa pomwepo,
amayi ogulitsa mtedza n'kumamukupiza ndi katoni.

Lachitatu anabwera ndi malaya m'jumbo.
"Abambo, kolala yathanso."
Nditawatambasula ndinapeza mapu kumsana,
mchere utajambula madambo ndi mitsinje
imene boma silinayezepo.
Nsalu yokhuthala ngati lona wofunditsa fodya,
naironi wokana mphepo.
Anaisankha munthu wa m'chipinda chozizira,
amene za thukuta amangomva pa wailesi.

Anakhala pabenchi, chipewa pabondo, nandiuza:
kuti malayawa asalale
simbi imadya makala mbale yathunthu,
magetsi akayaka mayunitsi amatha ngati madzi m'dengu.
Ku ofesi fani imapukusa mutu tsiku lonse,
ayi, ayi, ayi,
koma oipempha saleka.

Usiku umenewo tulo sitinabwere.
Ndinang'amba thumba la simenti, ndinatenga choko.
Thonje lopepuka, louma usanamalize kuyanika linzake.
Kumsana kakhomo kobisika pansi pa mpindiro
kuti mphepo izilowa osaodira.
M'khwapa timabowo.
Kolala yaifupi yosaluma khosi.
Nsalu yoti ukaikutumula kawiri yawongoka,
simbi n'kupuma,
mtengo umodzi m'phiri la Mchinji n'kutsala chiimire.

Pa malaya akewo ndinangoba pang'ono:
ndinamasula msoko wa m'khwapa
n'kuikamo kansalu kopumira,
mtundu womwewo, ulusi womwewo.

Sabata yathunthu ankandidutsa akumwetulira.
Lolemba pa perete
Inisipekitala Mbalule anakuwa, "Manja m'mwamba!"
naona ntchito yanga.
"Yunifolomu ndi katundu wa boma.
Telala wa pakhonde ndani
kuti aboole boma m'khwapa?"

Ndinatseka.
Msoko uliwonse ndinaubweza pamalo pake,
osalandira ngakhale tambala,
phazi likulemera pa chopondera
ngati ndikusokerera pakamwa pa munthu.
Zelesi anavala, anathokoza,
anabwerera ku migolo yake.

Pepala lija lili pansi pa makina, lopinda kanayi.
Kalata ya ku likulu ndinalembanso,
mwana wa mlongo wanga anakonza zilembo,
sitampa ndinagula ndi ndalama ya zipi ziwiri.
Yankho lake kaya likubwera pa ngolo ya abulu.

Dzulo, sitolo atatseka,
ndikusonkhanitsa tizidutswa ta nsalu,
kunafika bambo wa malaya amaluwamaluwa,
kapu atatsitsa mpaka pamphuno,
kaphukusi ka nyuzi m'manja.
Anayang'ana uku ndi uku ngati wogula kachasu.
Khosi lawo lonse totupa ta thukuta,
tina tokandakanda mpaka magazi.
Ndinawadziwa ndi kayendedwe:
phazi la perete silibisala m'patapata.

Anaika kaphukusiko pa makina.
Anatsokomola.
Anafunsa za mvula, ngati ifulumire chaka chino,
anafunsa mtengo wa zigamba.

Kenako, chapansipansi:
"Kaja munachita kaja.
Koma kasaoneke."

Ndinachotsa tepi m'khosi mwanga,
ndinanyowetsa choko ndi lilime.
"Bwana," ndinatero,
"manja m'mwamba."