Padzadontha Pati?

Zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi
ndinakwawa pansi pa nyumba za mu Tartu,
sipanala m'dzanja, tochi kukamwa,
kumvetsera madzi akulankhula m'zitsulo.
Kandalama kali kubanki ndinakagula ndi maondo.

Lachiwiri lapitali Leelo, mwana wa mlongo wanga,
analowa chipale chofewa chili pamapewa,
natsegula kompyuta pomwe ndimadulira buledi wakuda.
Akuti, "Malume Endel, nafenso ndife mapulambala."
Ndinayang'ana zikhadabo zake. Zoyera mbee.

Akuti ku Pärnu kuli mayi wogulitsa masokosi aubweya.
Maoda amagwera m'pulogalamu ina,
ndalama m'pulogalamu ina,
amtengatenga ali ndi yawo, amisonkho nawo yawoyawo,
zonse zili m'mitambo yosapatsana moni.
Usiku uliwonse mayiyo amakopera manambala pamanja,
kuchotsa uku kuika uko, mpaka maso kuyabwa.
"Ife timangolumikiza, malume, khomo ili ndi khomo ilo.
Uthenga ukadutsa, timatapapo kachibenthu ka senti."

Kachibenthu ka senti!
Ndinaseka mpaka tiyi kutayikira m'sosala.
Kenaka ndinakumbuka mpopi wa ku Annelinn, nsanjika yachinayi,
umene unkangoti tho, tho, tho,
miyezi isanu ndi itatu
mpaka denga la apansi linagwera pa piyano.
Dontho ndimalidziwa ine. Sindiliderera.

Akufuna mayuro zikwi khumi ndi ziwiri
kuti andipatse magawo awiri pa zana
a chinthu chimene sindingachigogode ndi hamala.

Ndinamufunsa chimene ndimafunsa nyumba iliyonse:
padzadontha pati?

Anazunguza kapu pakati pa zala.
Akuti eni makomo aja, makampani akuluakulu,
akhoza kudzuka tsiku lina n'kusintha maloko osauza munthu,
kapena kudzimangira paipi yawo n'kumaigawa ulere.
Makasitomala alipo mazana atatu, olipira ndi theka chabe.
Ndipo Taavet, yekhayo amene akudziwa mmene zinalukidwira,
a ku Helsinki akumuimbiraimbira foni.

Apa m'pamene ndinakokera mpando pafupi.
Munthu wonditsatsa paipi yosadontha
ndimamuperekeza mpaka pageti.

Nanga ikaphulika pakati pa usiku wa Januwale
amadzuka ndani?
"Ine," nandionetsa foni:
uthenga wa m'bandakucha, wina, winanso,
mayi wa masokosi uja akukalipa ndi zilembo zikuluzikulu,
kenaka m'munsi mwake, dzuwa lisanatuluke, kamawu kamodzi: zikomo.
Ndinauzindikira msana wake pamenepo,
wopindika ngati wanga
ngakhale sanakwawepo pansi pa nyumba.

Virve, mkazi wanga, anali chete kusinki nthawi yonseyi.
Anangoti, "Denga la kanyumba ka nthunzi likudikira,
mano akonso akudikira,"
napitiriza kutsuka mbale yomwe anali atatsuka kale.

Ndinati zikwi zisanu ndi ziwiri.
Zotsalazo n'za denga ndi mano.
Ndipo mwezi uliwonse uzibwera, osati ndi zithunzi zokwera phiri,
koma undiuze angati alowa, angati atseka mpopi n'kuchoka,
ndi chifukwa chake.
Ndinatsikira kuchipinda chapansi,
n'kumubweretsera vavu yamkuwa, yobiriwira ndi ukalamba.
Uziika pambali pa kompyuta yakoyo.
Usamange chinthu chimene sungathe kuchitseka.

Tinasainirana pafoni, opanda cholembera,
ndalama zinachoka osamveka ngakhale kuti waa.

Usiku ndinatuluka kukataya phulusa.
Pamwamba pa mtsinje wa Emajõgi mitambo inali bii, yolemera,
ndinaima chiyang'anire, ndowa m'manja,
ngati chitsiru chofuna kuona polumikizira.
Leelo anandiuza kale kuti si mitambo imeneyi,
kuti n'zinyumba zozizira zodzaza makina, kutali uko.
Komabe ndinatchera khutu.
Chizolowezi.